Funsani Adokotala: Fomu ya mafunso a mapazi ya m'Chiarabu amaiyesa bwanji?

Mwezi uno makalata anayi agwera mbali imodzi, onse ndi a mapazi komanso mafomu a kuchipatala, nde ndangowaika pamodzi. Yoyambayo ndi yaitaliko koma ndaisiya mmene inabwerera, ndangochotsa maina basi.

FUNSO: Adokotala zikomo chifukwa cha tsamba lanuli, ndimawerenga pa foni ndikaweruka. Ine ndili ku Oman chaka chachitatu tsopano, ndimasamalira gogo wina wamkazi amene ali ndi shuga komanso chidendene chimawavuta kwambiri makamaka mmawa akangotsika pabedi, amachita kugwira kaye khoma. Sabata yatha tinapita kuchipatala nde tili pa mzere panabwera mtsikana wina atanyamula mapepala nkupempha gogo kuti ayankheko mafunso okhudza mapazi awo. Zonse zinali m'Chiarabu, ine cholankhula ndimamvako koma kuwerenga ayi, ndiye mdzukulu wawo ndi amene amawerenga gogo nkumayankha. Chinandidabwitsa nchakuti mtsikanayo anati sakuyeza gogo ayi, akuyesa fomuyo, ndipo tibwerenso pakatha sabata adzayankhenso mafunso omwewo. Gogo anakwiya kuti ana awa akundiyesa wabodza kapena chani. Inenso ndikufunsa, pepala limayesedwa bwanji? Ngati analimasulira kale kuchokera ku Chingerezi si basi zatha? Ndithandizeni ndikawafotokozere chifukwa akukana kubwererako.
Wosamalira gogo, Oman

YANKHO: Achemwali, choyamba kawauzeni gogo kuti amene akukayikiridwa apa si iwo, ndi pepalalo. Tiyerekeze kuchipatala abweretsa sikelo yatsopano, inu mwakwerapo yalemba 60, mwatsika, mwakweranso pompo yalemba 67. Palibe angakunameni kuti mwanenepa mu mphindi imodzi, aliyense adziwa kuti sikeloyo ndi yabodza. Fomu ya mafunso nayo ndi sikelo, kungoti m'malo mwa makilo imayeza ululu ndi mmene phazi likumusowetsera munthu mtendere, ndipo isanayambe kugwiritsidwa ntchito pa odwala imayenera kukweredwa kawiri ndi anthu omwewo kuti tione ngati ilemba zofanana. Gogo ndi amene akukwera sikeloyo. Sabata imodzi kapena ziwiri sanangoisankha mwachisawawa, akafupikitsa kwambiri munthu amangokumbukira zimene anayankha dzulo nkubwereza, akatalikitsanso kwambiri phazi limakhala lasintha lokha, mwina lachira mwina lanyanya, nde sungadziwe ngati yasintha ndi fomu kapena phazi.

Mwina mukuti bwanji osangojambula phazilo basi. Phazi limodzi lili ndi mafupa 26 ndi malo olumikizira mafupa 33, ndipo X-ray imaonetsa mafupawo bwinobwino, koma siingaonetse zoti gogo amagwira khoma mmawa uliwonse. Pali anthu chithunzi chawo chimaoneka choopsa koma amayenda osadandaula, pali ena chithunzi choyera bwino koma kuponda pansi ndi nkhondo. Zimenezi amadziwa ndi mwini phazi yekha, ndiye pamafunika njira yomufunsira yofanana kwa aliyense, osati dokotala uyu afunse zake uyo afunse zake.

Mafomu otchuka a mapazi alipo angapo ndipo pafupifupi onse anabadwira m'Chingerezi. Foot Function Index inatuluka mu 1991 ku America, ili ndi mafunso 23, poyamba anaikonzera odwala nyamakazi. Ine nditenga ina ngati chitsanzo, Foot Health Status Questionnaire, mwachidule FHSQ, imene Paul Bennett ndi anzake anakonza ku Australia nkuisindikiza mu 1998. Mafunso ake enieni a mapazi ndi 13 ndipo agawidwa panayi: anayi a ululu, anayi a mmene phazi likugwirira ntchito monga kuyenda ndi kukwera masitepe, atatu a nsapato, awiri a mmene munthu akuonera thanzi la mapazi ake. Gawo lililonse limatulutsa malikisi kuyambira 0 mpaka 100, pomwe 100 ndiye kuti zili bwino kwambiri. Inamasuliridwa kale m'zilankhulo zina ngati Chisipanishi ndi Chipwitikizi cha ku Brazil, ndipo kulikonseko anachita kuiyesanso kuyambira pachiyambi.

Tsopano funso lanu lenileni loti kumasulira si kokwanira? Ayi ndithu, ndipo apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pomwe pagona nkhani.

Ngakhale kumasulira kwenikweniko si kwa munthu mmodzi. Ndondomeko imene ofufuza ambiri amatsata ndi ya Beaton ndi anzake ya mu 2000. Amatenga anthu awiri amene Chiarabu ndi chilankhulo chawo chobadwa nacho, mmodzi wodziwa zachipatala, winayo wosadziwa kalikonse za mapazi, aliyense amasulira payekha osaonerana. Wachiwiriyo ndi wofunika kwambiri chifukwa ndi amene amalemba mmene munthu wamba angamvere, wachipatala uja amathamangira mawu a m'buku. Akatero amakhala pansi nkuphatikiza kukhala fomu imodzi. Kenako fomu ya Chiarabuyo amaipatsa anthu ena awiri odziwa Chingerezi chobadwa nacho, amene yoyambirira ija sanaionepo, kuti aibwezere ku Chingerezi. Chikabwerako chosiyana ndi chimene chinapita ndiye kuti penapake tanthauzo linagwera m'njira. Komiti ya madokotala, akatswiri a chilankhulo ndi omasulira aja imaunika zonse, ikatero amakayesa pa odwala 30 mpaka 40, osati kungoti chongani ayi, amamufunsa munthu kuti funso ili mwalimva kuti likuti chani, tanenani m'mawu anu.

Pa Chiarabu misampha yake ndi iyi. Woyamba ndi dzina la phazi lenilenilo. Chiarabu cholemba chili ndi mawu oti qadam, phazi, komanso rijl, amene ndi mwendo koma m'kulankhula kwa tsiku ndi tsiku anthu ambiri amawagwiritsa ntchito pa zonse, kuyambira m'ntchafu mpaka ku zala. Mwina gogo mumawamva akuti rijli akamadandaula. Nde fomu ikalemba rijl, munthu amene bondo likumupweteka ayankha za bondo, ofufuza nkumalemba kuti ndi ululu wa phazi. Ikalemba qadam zili bwino pa pepala, koma mdzukulu powerenga akhoza kusintha yekha kuti gogo amve msanga, nkunena rijl. Mwaona pamene pathawira tanthauzo?

Wachiwiri ndi woti Chiarabu cholemba ndi cholankhula ndi zinthu zotalikirana. Cholemba, chimene amachitcha fusha, ndi cha m'mabuku, nyuzipepala ndi nkhani za pa wailesi, ndipo palibe amalankhula chimenecho kukhitchini. Kunyumba munthu wa ku Oman ali ndi chake, wa ku Egypt chake, wa ku Morocco chake. Fomu nthawi zambiri amailemba mu fusha yosavuta kuti ifike kutali, koma gogo amene sukulu sanapite nayo patali akhoza kumva theka. Chitsanzo ndi mawu a ululu, m'buku ndi alam, pakamwa anthu ambiri amati waja. Ndiye FHSQ ili ndi kamsampha kenanso, imafunsa padera kuti kangati mapazi anachita pain, kangati anachita ache, kangati munamva ululu wobaya. Kwa Mngerezi ache ndi kuwawa kophwanya kosalekeza kuja, kosiyana ndi kubaya. Womasulira waulesi akaika mawu amodzi pa mafunso awiri oyambawo wodwala amangoona ngati amufunsa chinthu chimodzi kawiri, nkuyankha mofanana, ndipo choseketsa nchakuti masamu ake amatuluka okongola kwambiri pomwe funso limodzi lafa.

Pali zinanso zing'onozing'ono zoti munthu sungaziganizire. Foot Function Index imafunsa za kuyenda ma block anayi, muyeso wa misewu ya m'mizinda ya ku America, ku Muscat, likulu la Oman, munthu angauyerekeze ndi chani? Amayenera kuusandutsa mamita kapena mphindi zoyenda. Chiarabu chimawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, nde ngati pali kamzere koti chongani pamene ululu wanu wafika, 0 mbali iyi 10 mbali iyo, kamzereko kakasiyidwa mmene kanaliri m'Chingerezi ena amayambira kolakwika. Manambalanso, kumayiko ambiri a Aarabu a kum'mawa amalemba manambala awoawo momwe 5 amaoneka ngati kabwalo kofanana ndi 0 wathuyu ndipo 0 wawo ndi kadontho chabe. Wolowetsa mayankho mu kompyuta akakhala wosazolowera, 5 yense asanduka 0.

Koma chimene chimandisangalatsa ine kwambiri ndi mafunso a nsapato aja. Limodzi limati ndimavutika kupeza nsapato zosandipweteka, lina limati nsapato zimene ndingavale ndi zochepa. Anakonzera munthu amene amatandala mu nsapato zotseka. Nanga bambo wa ku Gulf amene chaka chonse amavala nkhwayira zotsegula, kunyumba amavula, ku mzikiti amavula? Iye ayankha kuti alibe vuto ndi nsapato, malikisi 100, pomwe phazi lake mu nsapato yotseka silingalowe nkomwe. Funsolo lamasuliridwa molondola mawu onse koma likuyeza china.

Ndiye palinso zimene fomu ya ku Australia siinafunse chifukwa eni ake sizinkawakhudza. Gogo wanuyo ngati amaswali, phazi lake limagwira ntchito kasanu pa tsiku imene mu fomu mulibe. Pa wudhu amayenera kutsuka mapazi mpaka mu akakolo, kutanthauza kuwerama kapena kunyamula phazi. Pogwetsa nkhope pansi zala za kuphazi zimapindika, pokhala amakhalira phazi lamanzere lamanja litaima ndi zala. Munthu amene chala chachikulu chauma kapena pansi pa phazi pakukoka amamva zimenezi kuposa masitepe, ndipo kwa okalamba ambiri tsiku limene anayamba kuswali atakhala pa mpando ndi limene amawerengera kuti phazi lawagonjetsa. Fomu ikapanda kufunsa zimenezi ikhoza kulemba kuti munthu ali bwinoko pomwe chimene chikumupweteka mtima sichinatchulidwe. Maganizo anga ndi oti mafunso otere aziwonjezeredwa, koma padera, ngati gawo lakelake, chifukwa ukangowasakaniza ndi 13 aja ndiye kuti wapanga fomu ina ndipo malikisi a ku Oman sungawafananizenso ndi a ku Spain.

Nde kawanyengerereni gogo abwerere ngati iwo akufuna, sizokakamiza, kafukufuku aliyense munthu ali ndi ufulu wokana ndipo chithandizo chawo sichisintha. Akavomera, mdzukulu yemweyo awerengenso, awerenge mmene zalembedwera osakometsera, ndipo asawayankhire olo ataona kuti akuchedwa. Pamene gogo sanamve anene kuti sindinamve, mtsikana wa mapepala uja yankho limenelo ndi limene akulifuna kwambiri. Za chidendene chowawa munthu akangoyamba kuponda pansi mmawa, kawirikawiri limakhala vuto la mnofu wolimba wa pansi pa phazi umene umachoka ku chidendene kukafika ku zala, koma poti ali ndi shuga akawaonetse dokotala aone phazi lenilenilo atavula.

FUNSO: Adokotala ndine mwana wasukulu, ndikuphunzira physiotherapy chaka chachitatu. Atipatsa pepala la kafukufuku loti tikafotokoze mkalasi, ndi la validation ya fomu ya mapazi ya m'Chiarabu. Mbali ya kumasulira ndamva koma ndikafika pa matebulo mutu umaima, pali Cronbach's alpha, ICC, floor and ceiling, zonsezi ndi chani kwenikweni? Ndipo ndingadziwe bwanji kuti kafukufukuyu ndi wabwino kapena angolemba kuti valid and reliable poti aliyense amatero?
Wophunzira wothedwa nzeru

YANKHO: Mphwanga, funso lako lomalizalo ndi la nzeru kuposa loyamba, chifukwa zoona pafupifupi pepala lililonse lotere limathera pa mawu amenewo. Tiye nawo matebulowo.

Alpha ndi ya Lee Cronbach, 1951. Imafunsa kuti mafunso a gawo limodzi akuyendera limodzi kodi? Munthu amene wati ululu ndi woopsa pa funso loyamba timayembekeza kuti pa lachiwiri sanena kuti mapazi samupweteka nkomwe. Imathera pa 1, ndipo anthu anagwirizana kuti kuyambira 0.70 ndi yovomerezeka. Koma usamangosangalala ikakwera, ikadutsa 0.95 kayikira kuti mafunso ena ndi amodzimodzi angosintha malaya, ngati nkhani ya pain ndi ache ndanena pamwambayo. Chinanso alpha imakwera yokha mafunso akachuluka, nde ukaona apereka alpha imodzi ya fomu yonse pomwe fomuyo ili ndi magawo anayi oyeza zinthu zosiyana, pamenepo imika dzanja mkalasi. Iyenera kukhala ya gawo lililonse palokha, ndipo gawo la mafunso awiri okha usadabwe ikatsikako.

ICC ndi ya sikelo yokwera kawiri ija. Anthu omwewo, fomu yomweyo, masiku osiyana. Kuyambira 0.70 amavomera, kudutsa 0.90 ndiye yabwino zedi. Iwe usathere pa nambalayo, yang'ana zinthu zitatu: panadutsa masiku angati, anabwerera anthu angati, ndipo anatsimikiza bwanji kuti mapazi awo sanasinthe pakatipo. Ngati munthu anabayidwa jakisoni wa chidendene Lachiwiri nkudzayankhanso Lachisanu, kusiyana kwa mayankho ake si mlandu wa fomu. Ndipo ngati mwa anthu 200 anabwerera 15 okha, ICC imeneyo ndi ya anthu 15, osati 200.

Ziwirizi zikungonena kuti sikelo siisinthasintha. Koma sikelo ikhoza kumalemba 67 tsiku lililonse mokhulupirika pomwe iwe ndi wa 60. Nde pamabwera validity, kuti kodi ikuyezadi chimene ikunena? Vuto ndi loti ululu ulibe muyeso wina woona woti ufananize nawo, ndiye amazungulira. Amapereka fomu ina yodziwika kale imene ilipo m'Chiarabu, kawirikawiri SF-36 ya thanzi la thupi lonse, nkunena pasadakhale kuti tikuyembekeza gawo lathu la kagwiridwe ntchito ka phazi ligwirizana kwambiri ndi gawo la SF-36 la mphamvu za thupi, koma ligwirizana pang'ono chabe ndi gawo la maganizo. Mawu oti pasadakhale ndi ofunika, chifukwa kuponya mwala kaye kenako nkujambula bwalo pamene wagwera aliyense angathe. Njira ina ndi kupereka fomuyo kwa odwala mapazi ndi kwa anthu abwinobwino, ikalephera kuwasiyanitsa ndiye ya ntchito yanji. Ukaona factor analysis, akungoona ngati mayankho a Aarabu akugawikabe m'magulu anayi aja kapena mafunso ena athawira gulu lina, ndipo ine ndikanakhala iwe ndikanayang'anitsitsa a nsapato.

Floor ndi ceiling nzosavuta. Ngati anthu oposa 15 pa 100 aliwonse apeza malikisi otsikitsitsa kapena okwereratu, fomuyo yaperewera mbali imeneyo. Munthu amene ali kale pa 100 olo apeze bwino chotani fomu siionanso kusintha.

Chiwerengero cha anthu, lamulo la pakamwa ndi 5 mpaka 10 pa funso lililonse, nde pa mafunso 13 ndi anthu 65 mpaka 130, ndipo pa factor analysis ambiri amafuna asachepere 100. Koma funsa kuti anthuwo ndi ndani. Apa ndi pamene mapepala ambiri amagwera ndipo ine zimandinyansa. Amatumiza linki pa WhatsApp, oyankha nkukhala ana a ku yunivesite a zaka 20, ophunzira bwino, mapazi abwinobwino, fusha amaiwerenga ngati madzi, kenako nkulemba kuti fomuyi ndi yoyenera anthu olankhula Chiarabu. Ayi, yayesedwa pa ana a ku yunivesite. Gogo wa zaka 70 wa shuga wosawerenga sanafunsidwe, chonsecho kuchipatala cha mapazi odzaza mabenchi ndi iyeyo ndi anzake.

Chomaliza chimene ambiri amachidumpha poti chimadya nthawi ndi kuona ngati fomuyo imatha kuona kusintha munthu akalandira chithandizo, ndiponso kuti malikisi asinthe ndi angati kuti tinene kuti uku ndi kuchira osati kugwedera chabe kwa sikelo. Kwa iwe wa physiotherapy nambala imeneyi ndi imene udzaigwiritse ntchito kuposa alpha. Ngati mulibe, kanene mkalasi kuti fomuyi ingathandize kufotokoza mmene gulu la anthu lilili lero, koma zoti izitsata wodwala mmodzi miyezi itatu sizinaonetsedwe. Pali mndandanda wotchedwa COSMIN wounikira kafukufuku wa mtundu umenewu, ausake pa intaneti uike pambali pa pepala lakolo uzichonga.

FUNSO: Adokotala ndili pa sukulu ku Cairo, bambo amene timachita lendi nyumba yawo ali ndi shuga zaka zambiri. Anayankha fomu ya mapazi kuchipatala nde akuti pa ululu anapeza pafupifupi malikisi onse, pano akunyada kuti mapazi awo ndi a mnyamata ndipo tsiku loti akaonedwe mapazi sapitako. Koma ine ndinaona akuyenda pakhonde masana dzuwa likuswa mtengo opanda nsapato, simenti yoti ine sindingaponde, iwo osamva kanthu. Fomuyo ikunena zoona?
Mwana wa lendi, Cairo

YANKHO: Achimwene, kalata yanu ndi imene yandidetsa nkhawa pa onsewa. Fomuyo siinaname, anawafunsa ngati akumva ululu iwo anati ayi, ndipo ndi zoona sakumva. Vuto ndi lomwelo. Shuga akakhalitsa amaononga mitsempha yomvera kuyambira ku zala kumakwera, ena amamva kuyaka ndi kubayabaya usiku, koma ena phazi limangochita dzanzi mwakachetechete mpaka kuponda msomali osadziwa. Munthu wotere pa mafunso a ululu amakhoza bwino kuposa inu ndi ine, pomwe ndi amene ali pafupi ndi chilonda chosapola, ndipo kudulidwa phazi kwa odwala shuga nthawi zambiri kumayambira pa kachilonda kakang'ono kotere. Fomu ngati FHSQ, olo itayesedwa bwino chotani m'Chiarabu, imayeza zimene munthu akumva. Zimene sakumva siingazione.

Ndipo kuderako nkhaniyi si yaing'ono. International Diabetes Federation mu 2021 inawerengera akuluakulu 73 miliyoni a shuga m'chigawo cha Middle East ndi kumpoto kwa Africa, munthu mmodzi mwa 6 aliwonse, ngakhale chigawo chawocho chimaphatikizamo mayiko osalankhula Chiarabu ngati Pakistan ndi Iran. Egypt ili m'gulu la mayiko khumi okhala ndi odwala shuga ambiri pa dziko lonse. Nchifukwa chake ofufuza akumeneko akulimbana ndi mafomu a mapaziwa, koma fomu ndi yothandizira chabe, siilowa m'malo mwa kuvula nsapato.

Kuyeza kwenikweni nkosavuta ndipo sikupweteka. Pali kaulusi ka pulasitiki kotchedwa monofilament kamene kamapindika kakakanikizidwa ndi mphamvu ya magalamu 10, munthu amatsinzina, namwino nkumagunda malo angapo pansi pa phazi, iye azinena akamva. Amagwiranso mitsempha ya magazi pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo kuti amve ngati ikugunda, nkuyang'ana khungu, zikhadabo, ming'alu ndi pakati pa zala. Wa shuga aliyense kamodzi pa chaka, amene dzanzi layamba kale pafupipafupi kuposa apo.

Poti ndi bambo aakulu musakawatsutse za malikisi awo, mungakangane pachabe. Auzeni zimene munaona pakhonde paja, kuti simenti imene inu inakuotchani iwo sanaimve, ndipo muwapemphe mwaulemu kuti mukawaperekeze. Pakadali pano asayende opanda nsapato olo m'nyumba, azigwedeza nsapato asanavale kuopa kamwala, madzi osamba aziyesa ndi chigongono osati phazi, akatha wudhu azipukuta bwino pakati pa zala chifukwa chinyezi chokhalitsa pamenepo chimabweretsa matenda a pakhungu ndi ming'alu, ndipo madzulo aliwonse aziyang'ana pansi pa phazi, ngati kuwerama kukuvuta agwiritse galasi kapena wina awaonere. Ngati akukonzekera Hajj kapena Umrah, maulendo a chipembedzo a ku Mecca, akanene kwa dokotala asananyamuke, kuzungulira Kaaba ka 7 ndi kuyenda pakati pa timapiri ta Safa ndi Marwa ka 7, komwe pakokha ndi makilomita opitirira 3, ndi ntchito yaikulu kwa phazi losamva, ndipo ambiri amapsa mapazi panja nsapato zikawasowa pa khomo la mzikiti nkuganiza zongoyenda choncho.

FUNSO: Adokotala mwachidule, fomu ikayesedwa ku Saudi Arabia ndiye kuti ingagwire ntchito ku Morocco? Si Chiarabu chomwecho?
Wongofuna kudziwa

YANKHO: Pa pepala inde, bungwe la mayiko a Aarabu la Arab League lili ndi mamembala 22 ndipo fusha yolemba ndi imodzi konseko, nde palibe chifukwa choyambiranso kumasulira. Koma munthu wa ku Casablanca kunyumba amalankhula Darija imene wa ku Riyadh amavutika kuimva, ena chilankhulo chawo choyamba ndi Tamazight, ndipo mawu ambiri a kuchipatala anawazolowera m'Chifalansa. Manambala amalemba ngati athuwa osati a kum'mawa aja, kavalidwe ka kuphazi nakonso nkosiyana. Ine ndikanatenga fomu ya ku Saudi yomweyo nkukhala pansi ndi odwala 30 kapena 40 a ku Morocco, aliyense anene funso lililonse m'mawu ake, pamene akupunthwa nkukonza. Mukasintha mawu awiri atatu okha mukhoza kupitirira, koma mukapeza kuti mwakonza theka la mafunso ndiye kuti alpha ndi ICC za ku Riyadh zija si zanunso, muwerengere zanu.